Ndathira mtovu mu stock ya .308 koma zangoipiraipira, ndalakwitsa pati?

Wakumpanje308
Akuluakulu moni nonse. Ndithandizeni nzeru ine mutu waima. Ndili ndi mfuti ya .308 ya bolt, mpope wake 22 inch, stock (thupi lomwe umagwira ndi kutsamiritsa pa phewa) ndi ya pulasitiki yomwe inabwera nayo pogula. Pamodzi ndi sikopu pa sikelo imakwana 4.6 kg. Chaka chino ndayamba kulowa timipikisano ta ma gong (mbale zachitsulo zomwe timalasa) ku club kwathu kuno ku Gauteng, tija towombera utatsamiritsa mfuti pa mgolo, pa tayala, pa makwerero, ndipo tsiku limodzi munthu umatha zipolopolo 60 kaya kuposa. Vuto ndi loti ikangolira imadumpha, chandamale chimasowa mu sikopu, pomwe ndizidzachipezanso fumbi latha kalekale ndiye sindidziwa kuti ndaphonyera kumanja kapena kumanzere, ndimangowomberanso mwachimbulimbuli. Madzulo phewa lili bii.

Anzanga ku club anati onjezera kulemera. Ndiye ndinamasula pad ya kumbuyo ija ndinapeza mkati muli mphako, ndinagula mitovu ya mbedza yokwana 700 g, kuika mu sokosi, kukankhira momwemo nkutseka. Loweruka ndinakayesa. Phewa lapumako pang'ono inde, koma ndikaiika pa bag, kathumba kotsamiritsira mfuti, pamwamba pa mgolo ikumagwera kumbuyo mphuno kuloza kumwamba, kudumpha ndiye kwachita kuonjezeka, komanso ndikamayenda nayo ikumalira khochokhocho anthu mpaka kucheuka. Ndionjezere wina kapena ndichotse?

ZitherePano
Kkkkk sokosi achimwene? Mfuti mwaisandutsa chisekese.

Wakumpanje308
Sekani aise koma phewa ndi langa

Fundi_Germiston
Achimwene munaonapo njinga ya makala ikukwera chitunda? Matumba atatu onse ali pa kaliyala, tayala lakutsogolo likungonunkhiza pansi, mwini wake akulimbana ndi handulo. Mwapanga zomwezo. Stock za pulasitiki zimapepuka kale kutsogolo, inu mwakaika 700 g kumapeto kwenikweni kwa kumbuyo, ndiye mpope watsala wopanda choupanikiza.

Pangani chonchi musanagule chilichonse. Onetsetsani kuti mulibe chipolopolo, ikani magazine yopanda kanthu, muisanjike pa kathabwa kowonda kapena pa bag yanu yomweyo, muziisuntha mpaka iime yokha osaigwira. Pamenepo lembani ndi tepi. Pa masewera anuwa malo amenewo akuyenera kukhala kutsogolo kwa magazine, ngati zala zinayi kapena 10 cm, chifukwa ndi pomwe mfuti imakhalira pa bag. Ikaima yokha pamenepo manja anu ntchito yawo ndi kuloza basi, osati kuinyamula. Panopa ndikhulupirira yanu ikuimira pa trigger guard penipeni.

Wakumpanje308
Madala mwalasa. Ndayesa pompano pa mpando wa kukhitchini, ikuimira kumbuyo kwa magazine, pafupi ndi trigger.

Dasher_Boy
Ine ndinena zomwe ena akuopa kunena. Mukutaya nthawi. .308 pa ma gong ndi kudzizunza, pitani mukaone anthu omwe amawina mipikisano ya PRS, yolasa ma gong patali ngati yanuyi, ku America kaya konkuno, ambiri ali pa zipolopolo za 6mm monga Dasher, 6 GT, 6 Creedmoor, mfuti zolemera 9 kaya 10 kg zili mu chassis (stock yachitsulo), ikalira imangoti tsii osasuntha, chipolopolo umachiona chikupita. Gulitsani mugule 6.5 Creedmoor olo, mtovu musiyire asodzi a ku Mangochi.

Wakumpanje308
Man, laisensi ya mfuti imeneyi ndinaidikira miyezi ingati mukudziwa inu? Ndiyambirenso mapepala chifukwa cha sokosi? Komanso ndalama zake zili kuti, kumudzi akudikira feteleza.

Aphunzitsi_Fizikisi
Ndilowererepo ndi masamu pang'ono kuti tisamangotsutsana ndi pakamwa. Chomwe chimakumenyani phewa ndi chophweka, chipolopolo ndi mpweya wa wonga zikapita kutsogolo mfuti iyenera kubwerera kumbuyo ndi kankho lofanana. Titenge chipolopolo cha 175 grain, ndiye 11.3 g, chikutuluka pa liwiro la 790 m pa sekondi, kuphatikizapo wonga pafupifupi 2.8 g womwe umatuluka mothamanga kuposa chipolopolocho. Kankho limenelo silisintha kaya mfuti ndi yopepuka kaya yolemera. Chomwe chimasintha ndi liwiro lomwe mfutiyo ikubwerera nalo, ndi mphamvu yomwe phewa lilandire.

Ndawerengera mongoyerekeza, pa 4.6 kg phewa likulandira ma joule ngati 18. Ndi sokosi yanu ija pa 5.3 kg atsika kufika 15 ndi theka, nchifukwa chake mwamva kupumako. Pa 6.5 kg ndi 12 ndi theka. Pa 9 kg ndi 9. Mwachidule mukawirikiza kulemera kawiri mphamvu imatsika ndi theka, koma onani kuti kilo yoyamba ndi yomwe imagwira ntchito yaikulu, zotsatirazo phindu limanka lichepa pomwe msana ukunka uwawa.

Tsono masamu awa sasamala kuti mtovu uli kutsogolo kapena kumbuyo, amangoona kulemera konse. Kudumpha kwa mphuno ndi nkhani ina. Mpope uli pamwamba, pomwe mfuti yatsamira pa phewa ndi pamunsi, ndiye ikakankhidwa imafuna kuzungulira mphuno kukwera. Kulemera komwe kuli kutali kutsogolo ndi komwe kumakaniza kuzungulirako. A Fundi akunena zoona.

ZitherePano
Aphunzitsi mwatikumbutsa Form 3 masana dzuwa likuswa mtengo. Ine njira yanga ndi yachidule, onjezerani kulemera kwa mwini mfuti. Mitanda isanu ya nsima tsiku lililonse, pakutha pa mwezi .308 izikuopani ndi inuyo.

Agogo_FTR
Ana inu mukuthamangira mtovu nonse, palibe wafunsa kuti mnyamatayu amagona bwanji kumbuyo kwa mfuti. Ine ndakhala ndikuwombera .308 zaka zambiri kuno ku UK, ku malo owomberako a Bisley pa bwalo la Stickledown timafika mayadi 1000 ndi .308 yomweyi yomwe a Dasher akuinyoza. Mu F-TR, gulu lathu la mpikisano wa F-Class wowombera patali chogona, malamulo amalola .308 ndi .223 basi, ndipo mfuti, sikopu ndi bipod (timiyendo tiwiri toimikira mfuti) zonse pamodzi zisapitirire 8.25 kg. A F-Open, gulu lina la F-Class, awo ndi 10 kg. Ndiye ife kulemera timachita kuwerengera ngati ndalama ya lendi, ukafuna mpope wautali wonenepa uyenera kupeza pochotsa kwina, ndinaonapo munthu akumasula sunshade ya sikopu pa sikelo m'mawa wa mpikisano thukuta lili kamukamu.

Mfundo yanga yoyamba, funsani kaye malamulo a gulu lomwe mumapikisanamo musanamate chilichonse chosachotseka. Magulu ena alibe malire, ena ali nawo, makamaka aja a mfuti zosakira nyama.

Yachiwiri, ngati chandamale chikuthawira kumbali osati kumwamba kokha, vuto si kulemera, ndi thupi. Mukagona mopingasa ngati asilikali a m'mafilimu akale mfuti imakankha phewa lokha nkuthawira kumbali. Gonani molunjika kumbuyo kwake, msana ufanane ndi mpope, tako la mfuti lilowe mkati pafupi ndi fupa la m'khosi osati kunsonga kwa phewa. Ndipo chepetsani sikopu. Ambiri mumaika zoom pa 25 kufuna kuona gong ngati chitseko, bwererani pa 12 kapena 15 muona malo aakulu, fumbi simuliphonya.

Wakumpanje308
Agogo apa mwandigwira, ine sikopu imakhala pa 24 nthawi zonse kkkk. Koma chimathawira kumwamba chakumanja.

Agogo_FTR
Ndiye zonse ziwiri zilipo, mphuno yopepuka ndi kagonedwe. Konzani kaye chaulerecho.

Mbewa_ndi_Ndiwo
Ine ndimangowerenga zanu za ku Joni ndili kuno ku Ntcheu, koma nkhaniyi yandikumbutsa agogo anga aamuna. Anali ndi gogodela yawo yothamangitsira nguluwe ndi anyani kumunda, yothira wonga kukamwa nkusinja ndi kachitsulo. Tsiku lina anathira wonga wambiri dala poti nguluwe zinawakwiyitsa, itangolira iwo chagada mu mzere wa chimanga, chipewa uko, mfuti uko, nguluwe ikupita bwinobwino. Kuyambira pamenepo ankamanga chisanza chokhuthala kutako kwake ndi mphira wa chubu cha njinga. Ndiye recoil pad anayambitsa ndi agogo anga, azungu anangokopera.

ZitherePano
Kkkkkk agogowo akanakhala pa gulu pano bwenzi ali admin

Mbewa_ndi_Ndiwo
Koma funso lenileni, inu a ku Joni mfutizi mumazipeza bwanji poti ndinu obwera? Mphwanga ali ku Randburg amafuna atayamba.

Fundi_Germiston
Lamulo lake ndi Firearms Control Act ya 2000. Kuti upeze competency, satifiketi yoti ndiwe woyenera kukhala ndi mfuti, uyenera kukhala nzika kapena wokhala ndi permanent residence, wa permit ya ntchito yokha sizitheka. Ukatero maphunziro, mayeso, sefa yomangirira kukhoma kunyumba, kenako laisensi ya mfuti iliyonse payokha. Ambiri a masewerafe timadzera section 16 ya dedicated sport, umakhala membala wa bungwe lovomerezeka ndipo uzionetsa kuti ukuwomberadi. Mphwanuyo ayambe wapita ku range komwe amabwereketsa mfuti pali mlangizi, aone ngati akuzikondadi. Za njira zachidule asayerekeze nkomwe.

Admin_Gulu
Za malaisensi zili ndi ulusi wake, tibwerere ku sokosi ya achimwene.

Chitsulo_Cha_Njanji
Ine yanga ndinapanga zophweka. Ndinatola timitovu ta balansi ya matayala kwa anyamata okonza matayala, kusungunula mu chitini pa mbaula, kuthira mu kachikombole ka thabwa kofanana ndi mphako za kutsogolo kwa stock, zitazizira ndinangomata. Sindinalipire olo 1 rand.

NaPhiri_10m
Achimwene a Chitsulo chonde musamaphunzitse anzanu zimenezo ngati ndi kuphika tiyi. Ine ndimagwira ntchito ku chipatala. Mtovu ukalowa m'thupi sutuluka msanga, ndipo ana ndi omwe umawapweteka kwambiri, umaononga ubongo mwakachetechete. Ife ndi anthu odya ndi manja, wagwiragwira mtovu kenako wakhala pa nsima osasamba ndi sopo, mwana naye akutola tizidutswa pakhonde. Komanso mtovu wosungunuka ukakumana ndi kadontho ka madzi umaphulika nkukuthira kumaso. Ngati mulibe malo apanja ndi zodzitetezera musasungunule, gulani lead shot ija ya timibulu ting'onoting'ono musakanize ndi epoxy, ikauma mtovu watsekeredwa mkati simuukhudzanso.

Pa za balansi ndigwirizane ndi a Fundi ngakhale ine ndi wa air rifle ya 10 m komwe kulibe kumenya phewa nkomwe. Ife malire a ISSF, bungwe la dziko lonse la masewerawa, ndi 5.5 kg, ndipo timaikabe timaweight kutsogolo, osati chifukwa cha recoil koma kuti mphuno iziyendayenda pang'onopang'ono ukaimirira. 50 g yokha ukaisuntha kuchoka pakati kupita kunsonga umamva kusiyana. Ndiye inu 700 g yonse kumbuyo, eee.

Chitsulo_Cha_Njanji
Asisi ndamva, ndinapangira panja koma za sopo zo sindinaganizeko. Komanso ndivomere, theka la timaweight tija sitinasungunuke, tinkangoyandama pamwamba.

Fundi_Germiston
Sitinasungunuke chifukwa si mtovu. Masiku ano tambiri ta matayala ndi zinc kapena chitsulo. Mtovu umasungunuka pa 327 digiri, zinc mpaka 420, chitsulo ndiye iwalani pa mbaula.

A Wakumpanje, nayi ndondomeko yomwe ine ndimatsata ndikamapangira anthu. Masulani zomangira ziwiri zija muchotse action (chitsulo chomwe muli bolt) ndi mpope, stock itsale yokha. Kutsogolo mkati mupeza timabokosi ta pulasitiki, timeneto ndi tomwe mudzaze. Pulasitiki ya ma stock imeneyi epoxy saigwira bwino, ndi yoterera, ndiye ikandeni kaye ndi sandpaper yokhakhala, boolani timabowo ting'onoting'ono mopingasa m'zipupa za timabokosito kuti epoxy ikalowamo ikhale ngati yakhoma mizu, pukutani mafuta onse. Sakanizani shot ndi epoxy yochedwa kuuma, osati ya 5 minutes ija, ikhale ngati phala la mtedza lolimba, shot yambiri epoxy yongokwanira kunyowetsa. Thirani pang'onopang'ono magawo awiri kapena atatu, chifukwa epoxy yambiri pamalo amodzi imatentha pouma mpaka kupinditsa pulasitiki. Ndipo musadzaze mpaka pamwamba, mpope uyenera kukhala woyandama osakhudza kanthu. Mukabwezeretsa tengani R10 ya pepala muilowetse pansi pa mpope, iyende momasuka kuchoka kunsonga kwa stock mpaka pafupi ndi action. Ikakodwa penapake ndiye kuti pakukhudza, gulu la zipolopolo zanu libalalika.

Ubwino wina, stock ya pulasitiki yofewa ija ikadzazidwa chonchi imalimba, siipindikanso mukakanikiza bipod.

Koma musanamate, yesani kaye. Ikani shot mu timapepala ta pulasitiki, mangani ndi tepi kunja kwa stock, kawombereni tsiku limodzi, sunthani, onjezerani, chotsani. Epoxy ilibe pepani.

Wakumpanje308
Nanga silicone ija ya kubafa siingagwire? Ndili nayo kale chubu chathunthu.

Fundi_Germiston
Inunkhizeni. Ngati ikununkha vinega ndiye ili ndi asidi, pouma imachititsa dzimbiri chitsulo chomwe chili pafupi. Kumbuyo mu mphako ya tako mutha kuika ya neutral cure kuti zisagwedere, koma kutsogolo pansi pa mpope ikani epoxy.

Aphunzitsi_Fizikisi
Ndionjezere pa za kugwedera. Mtovu womasuka mu sokosi sugwira ntchito yonse, chifukwa mfuti ikayamba kubwerera iwo umatsalira kaye kenako nkudzagunda khoma, ndipo lero ugunda chonchi mawa mwina. Pamene chipolopolo chikutuluka kumphuno mfuti ya 4.6 kg imakhala itabwerera kale pafupifupi milimita imodzi ndi theka, ndiye chilichonse chosintha kayendedwe kameneko kuchoka pa chipolopolo china kufika pa china sichabwino. Chikhale cholimba ngati mbali ya mfutiyo.

Za malo, kilo imodzi ya mtovu wolimba imatenga 88 ml, ya chitsulo 128 ml, ya tungsten 52 ml yokha koma mtengo wake mukhoza kulira. Shot ya timibulu imatenga malo ochulukirapo kuposa mtovu wolimba chifukwa cha mipata ya pakati, ndiye musadabwe timabokosi tikadzadza musanafike pomwe mumafuna.

Dasher_Boy
Zonsezi phala la epoxy, ma R10, kununkhiza silicone, pomwe muzzle brake yokha, kachitsulo ka kumphuno kotulutsira mpweya m'mbali, ikanathetsa nkhani. Mangani brake mphuno isiya kudumpha lero lomwe. Kapena sungani ndalama mugule chassis ngati za kampani ya MDT zija, ma weight ake ndi omangira ndi sikuluwu, ukafuna wachotsa ukafuna wasuntha, osati zomatamata ngati tikukonza ndowa.

Agogo_FTR
Brake imagwiradi ntchito, sindikana. Koma kagoneni pafupi ndi munthu wa brake tsiku lonse mudzandiuze, fumbi m'maso, mutu waching'alang'ala, makutu kulira olo mutavala zotseka ziwiri. Ife mu F-Class ndi yoletsedwa kumene. Ndipo mpope wa mnyamatayu mwafunsa ngati uli ndi ulusi womangirapo brake kumphuno? Ngati ulibe ndi ndalama zinanso kwa gunsmith.

Dasher_Boy
Agogo iye sakupanga F-Class, akupanga ma gong, kumeneko pafupifupi aliyense ali ndi brake kapena silencer. Musamuphunzitse kuvina malipenga pa dansi ya amapiano.

Agogo_FTR
Mwana iwe malipenga anayamba amapiano asanabadwe ndipo adzatha ali pompo.

Wakumpanje308
Ulusi ulipo agogo, uli ndi kachivindikiro. Silencer ndikuiganizira chifukwa imaonjezeranso kulemera kutsogolo komwe kukufunikako, koma ndi ya mwezi wina imeneyo. Chassis ndiye maloto.

NaPhiri_10m
Chinthu china chomwe palibe wanena. Mwakhala mukumenyedwa phewa miyezi ingapo, thupi limaphunzira kuopa. Mutha kukonza mfuti bwinobwino koma inu nkumatsinzinabe ndi kukankha phewa musanakoke trigger, ndipo munthu wotsinzina saona fumbi olo mfuti italemera ngati injini ya chigayo. Mupatseni mnzanu akuikireni magazine inu musakuona, asakanizemo chipolopolo chabodza chija cha dummy chimodzi kapena ziwiri. Mukafika pa chabodzacho mfuti ikangoti kha koma mphuno nkugwa pansi, mwadzigwira nokha.

ZitherePano
Asisi mukufuna munthu achite manyazi pagulu kkkk

Wakumpanje308
Ndabweranso akuluakulu, papita masabata awiri. Sokosi ndinachotsa. Ndinayamba ndi kumanga timapaketi ndi tepi monga ananenera a Fundi, mfuti ikuoneka ngati yavulala pa ngozi, anthu ku club kuseka koma ndinapirira. Pomwe ndinakhazikika ndi 900 g kutsogolo ndi 300 g kumbuyo, chifukwa nditachotsa zonse kumbuyo inayamba kugwera kutsogolo ndikaimirira. Yonse pamodzi 5.8 kg, ikuima yokha zala zinayi kutsogolo kwa magazine. Sikopu ndabweza pa 14, ndikugona molunjika. Chogona pa 400 m fumbi ndikuliona pafupifupi nthawi zonse, pa mgolo mwina theka, kumeneko ikudumphabe ndithu a Dasher musasangalale kwambiri.

Asisi NaPhiri za dummy zija ndinayesa. Sindinena zambiri, mnzanga anajambula vidiyo ndipo ndamulipira kuti asaitumize pano.

Koma pali kavuto. Dzulo ndathira epoxy, lero ndabwezeretsa zonse, R10 ikuyenda bwino kenako ikukodwa chapakati, ngati 8 cm kuchoka kunsonga.

Aphunzitsi_Fizikisi
Pa 5.8 kg muli pa ma joule 14, kuchoka pa 18. Za R10 ndasiyira eni ake.

Fundi_Germiston
Mwadzazitsa bokosi limodzi, si nkhani yoopsa. Masulaninso, pakani choko kapena marker pansi pa mpope, bwezeretsani nkuchotsanso, pomwe pada ndi pomwe pakukhudza. Kulungani sandpaper pa socket kapena kamtengo kobulungira konenepa pang'ono kuposa mpope, palani pamenepo. Nyowetsani sandpaper kuti fumbi la mtovu lisauluke, valani magolovesi, pomaliza pakanipo epoxy wochepa kutseka pomwe mwapalapo. Pepala lipite lopinda kawiri osati limodzi, chifukwa mpope ukatentha kapena mukakanikiza bipod kampata kamachepa. Zomangira mumange ndi torque wrench molingana ndi buku la mfutiyo, ndipo zero yanu, kugwirizana kwa sikopu ndi pomwe chipolopolo chikugwera, mukaione kaye pa 100 m musanapite ku mpikisano, yasuntha imeneyo.

Wakumpanje308
Zikomo madala, ndipala mawa ndikaweruka. Torque wrench ndibwereka kwa a Chitsulo ngati sanaisungunule.

Chitsulo_Cha_Njanji
Ilipo, mubwere ndi R10 yo ndi ya lendi

ZitherePano
Nanga sokosi ija yabwerera kwa mwini wake? Chifukwa ndikukayika ngati inali yanu.

Wakumpanje308
Inali ya sukulu ya mwana. Mayi ake anaifuna sabata yonse, ndataya ku bin mwakachetechete ndagula peyala ina, musandiulule.